Bwemba, mchere ndi mbale za chopereka

Mpingo wathu utayamba kuchita lendi holo ya tchalitchi china chakale kuno ku Bradford, tinapeza mbale ziwiri za chopereka m'kabati ya kuseri. Zinali zitada bii, m'mphepete mwake muli zobiriwira ngati ndere. Ena anati tingozitaya. Lero ndi zomwezo zimene zimayenda m'mizere Lamulungu lililonse, ndipo chinaziyeretsa ndi bwemba.

Nzeruyi ndinaitola kuntchito. Usiku ndimalondera maofesi ena pakati pa mzinda, m'nyumba yamiyala ya zaka za m'ma 1800, nthawi imene Bradford inkalemera ndi malonda a ubweya wa nkhosa. Zogwirira zitseko zake ndi zamkuwa. Bambo wina wa ku Pakistan amene amakonza m'nyumbamo m'bandakucha anandionetsa chimene amatsukira mkuwa kwawo, iwo amati imli. Nditanunkhiza ndinaseka ndekha: bwemba yemwe uja tinkabwira ku Salima tili ana! Amagulitsidwa m'mashopu a zakudya a ku Leeds Road ndi ku Great Horton Road.

Mkuwa wa m'nyumba zathu uli pawiri. Wofiira uja ndi kopa, amene amakumbidwa ku Kitwe ndi ku Chingola. Wachikasu, umene kuno amati brass, ndi kopa wosakaniza ndi zinki. Yonse imada ikamakhudzana ndi mpweya ndi chinyezi, ndipo chinyezi cha ku Yorkshire mukuchidziwa. Asidi wa mu bwemba, mandimu kapena viniga amasungunula kudako.

Koma musanagwire mchere, dziwani kaye chimene mwanyamula. Ine ndinaphunzira mochita manyazi. Mayi wina wamasiye wa mumpingo mwathu anandipatsa mapu a Zambia a kopa, mphatso ya malemu amuna awo, kuti ndiwatsukire. Ndinakwecha ngodya imodzi ndi waya wotsukira mapoto, osadziwa kuti pamwamba pake panali vanishi. Chipseracho chilipo mpaka lero. Iwo anangoti, "Abusa, musadandaule," koma maso awo ananena zina.

Tsono yambani ndi maginito. Mkuwa weniweni sugwira maginito. Akamata, ndiye kuti ndi chitsulo chongokutidwa pamwamba, ndipo mukakwecha mufika pachitsulocho. Kenako dontheza madzi a ndimu pamalo obisika. Pakapanda kusintha, mwina pali vanishi. Zotere zimangofuna madzi ofunda, sopo ndi nsalu yofewa basi.

Ngati ndi mkuwa wopanda vanishi, viikani bwemba m'madzi ofunda mpaka afewe, chotsani njere, thirani kamchere, ndipo pakani ndi nsalu mozungulira, osalimbitsa dzanja. Bwemba akasowa, dulani ndimu pakati, muviike mumchere ndi kupaka. Pa zakuda kwambiri, sakanizani supuni imodzi ya mchere, imodzi ya ufa wa tirigu ndi viniga wokwanira kupanga kaphala. Matani, dikirani mphindi 10 kapena 15. M'makona gwiritsani ntchito mswachi wakale.

Ambiri amalakwitsa pomaliza. Tsukuluzani ndi madzi ambiri, kenako pukutani mpaka paume gwa. Mchere ndi asidi zikatsalira, zimadya mkuwa ndi kusiya mawanga.

Machenjezo atatu. Musasakanize viniga ndi bleach, uja kumudzi timangoti Jik; mpweya wotulukapo ndi poizoni. Musaphikire matimati kapena chowawasa chilichonse mumphika wa kopa wosakutidwa mkati, ndipo zobiriwira zija zisakhudze chakudya. Ndipo ngati mwagula chinthu chakalekale ku charity shop, funsani odziwa musanachitsuke, chifukwa kuda kwakeko nthawi zina ndiye mtengo wake.

Pa Eksodo 38:8 timawerenga kuti beseni losambira ansembe linapangidwa ndi akalirole amkuwa a amayi otumikira pakhomo la chihema. Kalirole wotero amafuna kupukutidwa kawirikawiri, apo ayi nkhope sioneka. Abale ndi alongo, mashifiti ausiku, kuzizira ndi kusowa abale zimatidetsa pang'onopang'ono, mpaka wina amasiya kubwera ku mapemphero. Tikamuona, tisamutaye, komanso tisamukweche ndi mawu aukali monga ndinachitira ndi mapu aja. Tiyambe tadziwa chimene wasenza, kenako timuyandikire ndi dzanja lofewa. Mbale zathu zija zinafuna maulendo atatu zisanayambe kunyezimira.