Mizukwa ya Pachigono: Kuchokera ku Rye Kufika pa Feira

Nkhani za mizukwa sizimera paliponse ayi. Zimakonda kumanda ndi pabwinja, koma koposa zonse zimakonda malo amene amagonapo anthu a paulendo. Mlendo amafika dzuwa litapendeka, popanda wodziwa mfunda wake kapena mudzi wa amayi ake, ndipo mawa lake mbandakucha wapita. Paja akuluakulu adati mlendo ndi mame. Koma zikachitika kuti mlendoyo wafera pachigono pomwepo, ndani adzamulira? Ndani adzameta maliro ake, nanga ndani adzauza mzimu wake njira ya kwawo? Mantha a mizukwa amayambira pa mafunso amenewa.

Kuno kwathu, m'boma la Luangwa, m'dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Mfumu Mphuka, tili ndi chigono chakale kwambiri cha apaulendo, pamene mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi, pamalo amene akuluakulu amatchulabe kuti Feira. Koma tisanafike pamenepo, owerenga athu atilole tiyambe tazungulira ku England, kumene mizukwa ya m'nyumba za alendo idasanduka malonda.

Mzukwa wa m'chipinda cholipira

M'tauni yakale ya Rye, kugombe la kummwera kwa England, muli nyumba ya alendo yotchedwa Mermaid Inn. Nyumba imene ilipo lero idamangidwanso mu 1420, ndipo zipinda zake zapansi pa nthaka n'zakale kuposa pamenepo. M'zaka za m'ma 1730 ndi 1740 inali malo omwera a gulu loopsa la ozembetsa katundu lotchedwa Hawkhurst Gang. Anthuwa ankalowetsa tiyi, fodya ndi mowa m'dziko mozemba msonkho, ndipo akuti pomwa ankaika mfuti zawo patebulo, popanda woweruza aliyense wolimba mtima kuwafunsa. Atsogoleri awo adanyongedwa mu 1748 ndi 1749.

Lero alendo amene amagona m'nyumbayi amasimba zodabwitsa. Ena amati adaona mayi wovala zoyera atakhala pampando pafupi ndi moto, ndipo zovala zimene adasiya pampandopo adazipeza zitanyowa m'mawa. Ena amati mpando wina umagwedezeka wokha. M'chipinda china akuti amuna awiri amamenyana ndi malupanga usiku, mpaka mmodzi kugwa. Eni nyumba sabisa zimenezi. Mzukwa uliwonse uli ndi chipinda chake, chipindacho chili ndi dzina ndi nambala, ndipo alipo anthu amene amachita kupempha kuti agone momwemo.

Kumadzulo kwa dzikolo, ku Cornwall, pachipululu cha Bodmin Moor, pali nyumba ina yotchedwa Jamaica Inn, yomangidwa mu 1750 kuti ngolo za akavalo zizipumirapo. Idatchuka ndi buku la Daphne du Maurier la mu 1936 lotchedwa ndi dzina lomwelo. Kumeneko amasimba za mapazi a akavalo ndi mikombero ya ngolo zimene zimamveka pabwalo pakati pa usiku pomwe palibe kanthu. Amasimbanso za mlendo wina amene adaitanidwa panja asanamalize mowa wake, ndipo mawa lake adapezeka atafa kutchire. Akuti nthawi zina amaoneka atakhala pakhoma la panja, osayankha moni.

Munthu wofatsa aona zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, nthano zotere zinkawakomera ozembetsa katundu, chifukwa mudzi woopa mizukwa sutuluka panja usiku kukaona amene akutsitsa migolo. Chachiwiri, pafupifupi mizukwa yonseyi ndi ya anthu amene adafa imfa yoipa, kutali ndi kwawo. Pa mfundo yachiwiriyi Mngerezi ndi Mnsenga sasiyana kwenikweni.

Belu losweka

Dzina loti Feira ndi la Chipwitikizi, ndipo limatanthauza msika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 amalonda ochokera ku Tete ndi ku Goa adakhazika msika ku Zumbo, kutsidya la kum'mawa kwa Luangwa, ndipo pambuyo pake ena adamanganso kutsidya lino. Ankabwera ndi nsalu ndi mikanda, nkumabwerera ndi golide, minyanga ya njovu ndi mkuwa. Apaulendo ochokera kutali ankagona pano masabata ambiri kudikira mabwato opita kunsi kwa Zambezi. Kunalinso tchalitchi. Wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, Frei Pedro da Trindade, adakhala ku Zumbo zaka zambiri mpaka imfa yake cha m'ma 1750, ali wansembe komanso mtsogoleri wa amalonda. Tisabise: monga anzake a nthawi imeneyo, nayenso anali ndi akapolo ake. Chilala, kuchepa kwa malonda ndi mikangano ndi mafumu a m'derali zidafooketsa msikawo, ndipo pofika m'ma 1830 amalonda adachokapo.

Pa 14 Januwale 1856 David Livingstone adafika pamathiriro a Luangwa, ali paulendo wochokera ku Linyanti kupita ku Quelimane pamodzi ndi Amakololo oposa 100. M'buku lake la mu 1857 adalemba kuti adapeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi zotsala za tchalitchi, ndipo pambali pake panali belu losweka lokhala ndi mtanda ndi malemba akuti I.H.S., koma lopanda chaka. Anthu amene adawafunsa sadathe kumuuza dzina limene azungu aja ankatchula malowo. Zaka makumi awiri okha zidakwanira kufafaniza dzina la mudzi wonse.

Usiku umenewo Livingstone adagona ndi mantha pakati pa mabwinjawo. Koma sankaopa akufa. Ankaopa anthu a Mburuma, amene ankamuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo anali ndi zifukwa zawo zomveka, pakuti alendo a mfuti anali atawapweteka kale. Adaganizapo zowoloka mobisa usiku, koma atawerenga mawu otsiriza a Mthenga Wabwino wa Mateyu adasintha maganizo. M'mawa mwake adabwerekedwa bwato limodzi lokha. Pamene katundu, ng'ombe ndi anthu ake ankawoloka pang'onopang'ono, iye adatsala pagombe akuonetsa amuna a mikondo wotchi yake ndi galasi loyatsira moto ndi dzuwa, ndipo adakwera bwato potsiriza. Palibe amene adalasidwa.

Imfa zambiri zidadza pambuyo pake. Apwitikizi atabwerera ku Zumbo m'ma 1860, dera lonse lidagwa m'manja mwa eni magulu a Achikunda okhala ndi mfuti. Awiri otchuka anali José do Rosário Andrade, amene anthu ankamutcha Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya. Iwowa ankasaka njovu ndi anthu omwe. Ankatentha midzi ya Ansenga, Asoli, Alala ndi Atonga, ndipo ogwidwa ankawatsitsira kuno ali m'magoli. Amuna, amayi ndi ana amene adagona pagombe la Feira ndi Zumbo kudikira bwato lowatengera kumene sadzabwerako, ndiwo alendo enieni a chigono chimenechi. Amene adafooka ndi njala, nthomba kapena mabala a goli adathera pomwepo, opanda manda, opanda wowalira.

Mzimu wa yani umakumbukika?

Makolo athu ankasiyanitsa bwino. Mzimu ndi wa kholo lako, limene udaliika m'manda mwaulemu, nkumeta, nkuphika mowa wa chikumbutso. Umenewo umabwera kumaloto kudzachenjeza kapena kudzadandaula, ndipo umadziwika dzina. Chiwanda n'choipa, chosafuna mtendere ndi munthu. Mzukwa ndi wakufa amene sadagone, woyendayenda chifukwa china chake sichidakonzeke. N'chifukwa chake banja limavutika kwambiri munthu akamira kapena akagwidwa ndi ng'ona mtembo wake osapezeka, zimene anthu a m'mbali mwa mitsinje iwiriyi amazidziwa bwino. M'madera ena amaika m'manda thunthu la nthochi kapena chovala cha malemuyo, kuti pakhale poloza ndi chala ponena kuti uje adagona apa. N'chifukwa chakenso abale amasonkha ndalama zimene alibe kuti mtembo uchoke ku Lusaka kapena ku Johannesburg ukaikidwe kumudzi.

Kwa Achikunda ndi anansi awo a m'chigwa cha Zambezi kulinso mpondoro, mzimu wa mtsogoleri wamkulu umene amakhulupirira kuti umalowa mumkango, nkumalankhula kudzera mwa munthu wogwidwa nawo. Kumeneko anthu ankapita kukapempha mvula ndi kukafunsa za milandu ya dziko. Allen ndi Barbara Isaacman, amene adafufuza mbiri ya Achikunda nkuilemba m'buku la mu 2004, adafotokoza kuti Kanyemba atamwalira mzimu wake udalandiridwa ngati mpondoro. Dzina lakenso lidatsala pamapu: kutsidya la Zambezi, m'dziko la Zimbabwe, moyang'anana ndi tauni ya Luangwa, malowo amatchedwa Kanyemba mpaka lero.

Apa pali chinthu chowawa chimene tiyenera kuchiyang'ana osaphethira. Wogwira anthu adapeza womulankhulira, adapeza ulemu, adapeza dzina la malo. Ogwidwawo sadapeze kanthu. Ku Rye ngakhale wantchito wa m'nyumba amene akuti adaphedwa ndi ozembetsa katundu ali ndi nthano yake ndi chipinda chake. Mayina amene mabuku a mbiri ya Feira adasunga ndi a amalonda, a eni mfuti, a ansembe ndi a azungu monga John Harrison Clark, amene adadzakhala pano mu 1887 ndipo anthu adamutcha Changa-Changa. Sitikunena zimenezi ponyoza Achikunda a lero, amene makolo awo ambiri nawonso adayamba ali akapolo a m'minda ya Apwitikizi kunsi kwa Zambezi, ndipo adakwatirana ndi Ansenga kotero kuti banja limodzi lingakhale ndi magazi a wogwira ndi a wogwidwa. Mwina ndicho chifukwa chake nkhani imeneyi siikambidwa kawirikawiri pabwalo.

Ochepa okha adapulumuka. M'zaka za m'ma 1890 ansembe a Chijezwiti adatsegula mishoni pafupi ndi Zumbo, imene idakhazikika ku Miruru m'dzina la Petulo Claver Woyera, mtumiki wa akapolo. Kumeneko adalera ana owomboledwa m'manja mwa ogulitsa anthu. Boma latsopano la Portugal litathamangitsa Ajezwiti mu 1910, ena adangowoloka Luangwa nkuyamba ntchito ku Kapoche ndi ku Katondwe. Nyumba za ku Miruru zidasanduka bwinja lina la m'chigwachi.

Zomveka usiku

Nanga wapaulendo wa lero, wogula nsomba amene wagona m'nyumba ya alendo pa boma kudikira bwato la ku Zumbo, akamva zachilendo usiku atani? Ayambe wakumbuka kumene ali. Chigwachi ndi malo otsika kwambiri m'Zambia monse, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Malata amene apsa tsiku lonse amalira thethethe pozizira usiku, ngati munthu akuyenda padenga. M'kudenga mumakhala mileme. Mvuu ikabangula kumtsinje mawu ake amayenda pamadzi nkumveka ngati ali kuseri kwa khoma, osanenanso za fisi ndi kadzidzi. Malungo nawo amaonetsa munthu zinthu zimene kulibe, ndipo mwana amene akubwebweta kuti akuona anthu m'chipinda ayenera kupita naye kuchipatala usiku womwewo, osadikira kuti kuche. Palinso vuto lija lodzidzimuka kutulo thupi lili gwa, pachifuwa polemera ngati wina wakhalapo, pakamwa posatseguka. Madokotala amalidziwa: ubongo umadzuka thupi lisanamasuke ku tulo, ndipo zimatha zokha pakapita kamphindi. Zimagwira kwambiri munthu wotopa amene wagona malo achilendo, ku Rye ngakhale ku Feira.

Kuopa si chinthu chochititsa manyazi. Ophunzira a Yesu, ena mwa iwo asodzi ozolowera madzi a usiku, atamuona akuyenda panyanja adakuwa poyesa kuti ndi mzukwa. Choopsa n'chimene mantha amabala m'mudzi. Phokoso la padenga likasanduka mlandu, kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba yosauka kapena mayi wamasiye, ndipo amene sadalakwe amathamangitsidwa pamudzi chifukwa cha mileme.

Dera lino lidaonanso imfa za alendo m'nthawi yathu. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia adawoloka Zambezi nkuukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Kavalamanja. Adafa anyamata a ZIPRA amene anali kutali ndi kwawo, adafa asilikali a Zambia, ndipo midzi idabalalika. Koma akufa amenewa ali ndi tsiku lawo. M'mwezi wa Malichi anthu amasonkhana ku Kavalamanja, akuluakulu a maiko awiriwa amabwera, nkhata zamaluwa zimaikidwa, ndipo ana a sukulu amamva zimene zidachitika. Mafumu akale nawo amakumbukika pa miyambo ya Mbambala kwa Mburuma ndi Dantho kwa Mphuka.

Anthu a m'magoli aja alibe mwala, alibe mwezi, alibe mwambo. Pa 2 Novembala, Akhristu a ku Katondwe ndi m'matchalitchi ake a m'midzi akamapita kumanda kukapempherera akufa, aliyense amaima pamanda a wake nkutchula dzina. Koma pemphero la tsikulo limanenedwera akufa onse, ndi amene alibe wowakumbukira omwe, ndipo ena mwa iwowa adagona usiku wawo womaliza pamchenga umene lero amakochezapo mabwato a nsomba.