Zodabwitsa 8 za Akatswiri Ofufuza Tinthu Tosaoneka ndi Maso

Ku Bellaterra, kufupi ndi mzinda wa Barcelona ku Spain, kuli malo a kafukufuku otchedwa ICN2. Eni ake ndi boma la chigawo cha Catalonia, bungwe la sayansi la dziko la Spain la CSIC, komanso yunivesite ya UAB. Cholinga chawo n'chimodzi: kumvetsa khalidwe la zinthu zikachepetsedwa kwambiri, kenako kupanga nazo zipangizo zothandiza pa umoyo, magetsi, chilengedwe ndi makompyuta. Khalani bwino, zina mwa izi mukazifotokoza kwa anzanu madzulo ano.

1. Muyeso wawo ndi nanomita. Yang'anani milimita imodzi pa rula, muidule tizigawo 1,000,000. Kachigawo kamodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu n'lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Nanga chikhadabo chanu chimakula bwanji? Pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse. Pamene mukumaliza ndime ino, chatalika kale.

2. Golide ali ndi mtundu wanji? Mwati wachikasu? Mum'phwanye kufika mananomita 20 kapena 40, asanduka wofiira, chifukwa timibulu tating'ono chonchi timasewera ndi kuwala mwa njira ina. Akatswiri a ku ICN2 amagwiritsa ntchito timibulu totere popanga zoyezera matenda zapepala. Ndipo ngati munayezetsapo malungo ndi kachipangizo kodonthezera magazi kaja, mzere wofiira umene umatuluka nthawi zambiri umakhala golide weniweni.

3. Aroma anayamba kale osadziwa. Ku British Museum mumzinda wa London kuli chikho chagalasi chotchedwa Lycurgus Cup, chopangidwa m'zaka za m'ma 300. Mukachiunika kutsogolo chimaoneka chobiriwira, mukachiunika kumbuyo chimafiira. Chinsinsi chake? Timibulu ta golide ndi siliva tobisika m'galasimo. Amene anachiumba anamwalira asanationepo n'kamodzi komwe.

4. Mphoto ya Nobel inachokera mu pensulo. Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku yunivesite ya Manchester ankamata tepi pa graphite, chinthu chakuda cholembera chija, n'kumamatula mobwerezabwereza. Anatsala ndi kansalu kokhuthala ngati atomu imodzi yokha, kotchedwa graphene. Kamapindika, kamadutsa magetsi bwino kwambiri, ndipo n'kolimba kuposa chitsulo. Mu 2010 analandira Nobel, tepi ija itagwira ntchito yaikulu.

5. Graphene wafika pa ubongo wa munthu. Kampani ya INBRAIN Neuroelectronics inabadwa kuchokera ku kafukufuku wa ku ICN2. Mu 2024, madokotala a pachipatala cha Salford Royal ku England anayala kachipangizo kake kopyapyala pa ubongo wa wodwala pa nthawi ya opaleshoni yochotsa chotupa. Ntchito yake inali kumvetsera timagetsi ta ubongo kuti dokotala asiyanitse mnofu wabwino ndi wodwala. Chimene dzulo chinali mu pensulo, lero chikuthandiza dokotala kudziwa podula.

6. Bwalo la mpira lingakwane m'supuni? Gulu la Daniel Maspoch ku ICN2 limapanga ufa wotchedwa MOF, wodzaza ndi timabowo tosawerengeka. Mutati mutambasule makoma onse a timabowo ta galamu imodzi ya ufa wina wamtunduwu, angaphimbe malo aakulu ngati bwalo la mpira. Timabowoti timakola mpweya woipa komanso zoipitsa madzi. Ku America, gulu la Omar Yaghi linagwiritsa ntchito ufa wamtunduwu kukama madzi akumwa kuchokera mumpweya wa m'chipululu.

7. Litsiro lalikulu ndi munthu. M'zipinda zopangira tizipangizo tating'onoting'ono, akatswiri amavala chovala chophimba thupi lonse, chipewa, magolovesi ndi chotseka pakamwa. Mwaganiza kuti akudziteteza? Ayi ndithu. Akuteteza ntchito yawo. Kafumbi kamodzi kapena kakhungu kofunduka kangathe kuphimba ndi kuwononga chipangizo chimene achivutikira kwa masabata. Mpweya wa m'chipindamo umasefedwa usana ndi usiku, mwakuti ndi woyera kuposa wa m'zipinda zambiri zochitira opaleshoni.

8. Kachilombo kamagwidwa ndi kuwala. Matenda a COVID-19 atafalikira mu 2020, Laura Lechuga wa ku ICN2 anatsogolera ntchito yotchedwa CONVAT, yothandizidwa ndi ndalama za European Union. Mu njira yoyezera ya ntchitoyi, kuwala kumayenda m'timisewu ta pa kachipangizo ka silicon, ndipo kachilombo kakakakamira pamwamba pake, kayendedwe ka kuwalako kamasintha, makina n'kuzindikira. Cholinga chinali kupeza zotsatira m'mphindi pafupifupi 30 popanda kutumiza zoyeza kutali. Apa m'pamene pagona ntchito yamtunduwu: labotale ichepe mpaka ikwane m'dzanja la namwino, kuti wodwala wa kumudzi amve zotsatira zake asananyamuke pabenchi.