Galu Wotsogolera Wosaona Akadzithandiza, Awole Ndani?

Kwathu ku Malawi galu malo ake ndi panja. Amalondera pakhomo, amapita kosaka, ndipo akasuzumira kukhitchini amapirikitsidwa. Choncho ambiri mwa inu mudabwa kumva kuti kuli mayunivesite kumene galu amalowa m'kalasi n'kugona phee kunsi kwa desiki mpaka mphunzitsi atamaliza, ndiponso kuti akuluakulu a sukulu amachita kukhalirana pansi kulemba lamulo lonena amene aziwola galuyo akachita chimbudzi pakapinga. Kwa wophunzira wosaona imeneyi si nkhani yaing'ono. Lamulo likakhala chete, wosesa amadandaula, anzake a m'hositelo amanyinyirika, ndipo manyazi onse amagwera iye.

Ine ndimakhala ku Zvishavane, tauni ya migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, kumene ana ndi zidzukulu za anthu akwathu amene anabwera kudzagwira ntchito ku mgodi wa Shabanie akadali ambiri. Mgodi wa asbestos uja utazilala, zina mwa nyumba zake inatenga Midlands State University, imene likulu lake lili ku Gweru, n'kutsegulamo nthambi. Tauni imene inazolowera amuna a zipewa zolimba ndi magambutsi lero yadzaza anyamata ndi atsikana onyamula mabuku, ndipo pakati pawo pali osaona. Agalu owatsogolera ndiwo osowa. Muyende ku Gweru, ku Shurugwi, ku Kwekwe kapena ku Redcliff, amene mukumane naye ndi wosaona wa ndodo yoyera, kapena amene wagwira chigongono cha mnzake.

Koma tiyambe ndi galuyo, popeza kumene aliko funsoli analiyankha kalekale. Sukulu yoyamba yophunzitsa agalu ntchitoyi inatsegulidwa ku Oldenburg m'dziko la Germany mu 1916, pofuna kuthandiza asilikali amene maso awo anawonongeka pankhondo yoyamba yapadziko lonse. Kuno kummwera kwa Africa njira anailambula mayi Gladys Evans, amene anayambitsa South African Guide-Dogs Association for the Blind ku Johannesburg mu 1953. Agalu ake, ambiri a mtundu wa Labrador, amayamba aleredwa pakhomo pa anthu odzipereka kwa chaka kapena kuposerapo, kenako n'kulowa maphunziro enieni a miyezi ingapo, ndipo pomaliza galu ndi mwini wake watsopano amaphunzitsidwa limodzi.

Chimodzi mwa zimene amaphunzira pamenepo ndi chimbudzi chomwechi. Galu wotere sadzithandiza paliponse. Amadya pa nthawi yoikika, motero nayonso nthawi yotuluka imadziwika. Mwini wake amapita naye pamalo amene anazolowera, amam'vula lamba wa chogwirira, amasiya chingwe chokha, n'kunena mawu amene galuyo anaphunzitsidwa kuti ndi chilolezo. Galu amazungulirazungulira, kenako n'kuima. Apo mwini amatsatira chingwe ndi dzanja mpaka kukhudza msana. Msana ukakhala wowongoka ndiye kuti akungokodza, palibe chowola. Ukapindika ngati uta, mwini amaika phazi pafupi ndi mchira kuti asataye malowo, galu akasuntha iye amavala jumbo kudzanja, amafufuza pansi, amatola, amatembenuza jumboyo n'kumanga. Maso safunika pamenepa. Chofunika ndi bini imene ili pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, yosasunthidwa ndi wosesa popanda kunena.

Malamulo a mayiko amasiyana. Ku Britain lamulo la 1996 lolanga osiya chimbudzi cha agalu pamalo a anthu onse linapatula anthu olembetsedwa kuti ndi osaona, ngakhale ambiri mwa iwo amawola ndithu. Mayunivesite ena kumeneko amapatulanso kamalo kotchinga koti agaluwo azidzithandizirako. Ku America sukulu siikakamizidwa kusamalira galu wa wophunzira, ndipo malamulo a mayunivesite ambiri amati awole ndi mwini. Ngati thupi lake silimulola, akonze ndi ofesi yoona za olumala kuti papezeke wothandiza. Ine ndimaona kuti chilungamo chili pakati pa ziwirizi. Galu ndi wa wophunzira, ntchito yowola ikhale yake ngati angathe. Malo, bini, madzi otsukira ndi munthu wothandiza tsiku limene wadwala, zimenezo zikhale za sukulu. Wosesa asaunjikiridwe ntchito imene sinalembedwe pa kalata yake, ndipo mlonda wa pageti auzidwe kuti galu uyu sabwezedwa.

N'chifukwa chiyani nanga agaluwa sakufika kuno? Choyamba ndi ndalama. Galu wotere amafuna chakudya cha m'sitolo, katemera wa chiwewe, mankhwala a nkhupakupa ndi dokotala wa ziweto, pamene banja la munthu amene ntchito inamuthera Ziscosteel itatseka ku Redcliff mu 2008 likuvutikira ufa wa sadza. Chachiwiri ndi njira zomwezi. Galu amaphunzitsidwa kuyenda m'mphepete mwa msewu mopakidwa simenti, kuima pamene pali potsika kapena pokwera, kudikira mwini amvetsere magalimoto. M'matauni a migodi muno ngalande zili yasa, ogulitsa malonda ayala tomato mpaka mumsewu, ndipo okumba golide paokha, amene kuno amati makorokoza, asiya maenje m'tchire ndi pansi pa nyumba zomwe. Mu Malichi 2023 pansi pa kalasi ya sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix ku Kwekwe panatitimira ana ali m'kati, ena n'kuvulala, chifukwa kunsi kunali kotakumbidwa. Onjezerani agalu oyendayenda a m'makomboni ndi kondakitala wa minibasi amene sangalole chiweto kukhala pamiyendo ya anthu.

Sikuti dziko lino lilibe pogwira pa nkhani ya osaona. Sukulu ya Copota, kufupi ndi Masvingo, inayamba ndi mayi Margaretha Hugo a mpingo wa Dutch Reformed mu 1915, mpingo womwewo umene unabzala Nkhoma kwathu, kumene sinodi yake ili ndi sukulu ya osaona ya Chilanga ku Kasungu. Jairos Jiri anayambitsa bungwe lake ku Bulawayo mu 1950, ndipo lili ndi sukulu ya ana osaona ku Kadoma. Ku Harare kuli laibulale ya mabuku a Braille ya Dorothy Duncan. Bungwe la mayeso la ZIMSEC limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu. University of Zimbabwe ndi Midlands State University onse ali ndi ofesi yotchedwa Disability Resource Centre, kumene wophunzira amapeza makompyuta olankhula, amasinthitsa zolemba kuti zikhale za Braille, ndi kulembera mayeso mowonjezeredwa nthawi. Lamulo la Disabled Persons Act la 1992 linaletsa kukaniza munthu kulowa pamalo a anthu onse chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 83 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limalonjeza maphunziro olipiridwa ndi boma kwa olumala amene akuwafuna. Koma gawo lomwelo limati boma lichita izi molingana ndi chuma chimene chilipo, ndipo pamene chumacho chaperewera pamalowa munthu.

Munthu ameneyo ndiye amandidetsa nkhawa. Kufupi ndi kumene ndimakhala kuli agogo ena a mtundu wathu amene anakalambira mumgodi, maso n'kuzima. Tsiku lokatenga penshoni amene amawatsogolera ndi mdzukulu wawo wamkazi wa kupulaimale. Amayenda patsogolo, dzanja la agogo lili paphewa lake, chikwama cha mapepala chili m'khosi.

"Agogo, ngalande apa, tambasulani mwendo."

"Pang'onopang'ono, mdzukulu wanga, ndafika."

Mwanayo amadziwa mzere wa kubanki, amadziwa kuwerenga ndalama, amadziwa kuwaperekeza mpaka pakhomo la chimbudzi n'kuima panja kudikira. Tsiku limenelo kusukulu sapita. Ena mwa ana otere amakafika mpaka ku Johannesburg, kukaimirira pamaloboti ndi kholo losaona, kupemphetsa. Galu wotsogolera amalembedwera nthawi yodya, nthawi yopuma, ndi msinkhu wosiyira ntchito. Mwana uyu palibe amene anamulembera kanthu.

Nakonso kuyunivesite mtolowu suchoka, umangosintha phewa. Ofesi ya olumala ija imatseka madzulo, koma wophunzira wosaona amafunabe kupita kukadya, kukasamba, kukagula sopo, kukawerenga chidziwitso chimene chamatidwa pakhoma chonena kuti kalasi yasamukira chipinda china. Amene amachita zonsezi ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Ambiri amachita ndi mtima wonse, ndipo maubwenzi ena olimba amabadwira pomwepo. Komabe mnzakeyo ali ndi mayeso ake, ali ndi tsiku lotopa, ndipo wosaonayo amafika pomeza zofuna zake kuopa kuchulutsa zopempha. Mtsikana wosaona amene adalira aliyense wopezeka kuti amuperekeze usiku ali pachiopsezo chimene sitiyenera kuchinyalanyaza.

Kwa ana a anthu akwathu pali chopinga china chisanafike chonsechi. Malamulo a 2013 anapereka unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC monga Malawi, komanso anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Koma mabanja ena a m'makomboni akadalibe zikalata za kubadwa, ndipo mwana wosaona wopanda chikalata amavutika kulembetsa mayeso kapena kupeza thandizo la fizi la BEAM. Inu muli kumudzi, wachibale wa kuno akakupemphani kalata ya kwa mfumu yotsimikiza kumene agogo ake anachokera, musaigonetse.

Aphunzitsi a osaona kwathu amaphunzirira ku Montfort ku Nguludi, ndipo ophunzira awo akufika ku Zomba ndi ku Mzuzu m'mayunivesite. Tsiku lina mmodzi adzatulukira pageti ndi galu wochokera ku South Africa, ndipo lamulo la malo, bini ndi wowola liyenera kudzapezeka litalembedwa kale. Pa pepala lomwelo ndikufuna palembedwenso za mnzake wom'tsogolera lero: asankhidwe ndi wosaonayo mwini, aphunzitsidwe kayendetsedwe koyenera, adziwe maola ake, akhale ndi wom'landira akadwala, ndipo sukulu imuchotsereko fizi kapena imupatse kangachepe pakutha pa mwezi.