Kufufuza kwawo kwa agogo kuchokera m'makomboni a ku Trelawney

Trelawney ndi katauni kakang'ono m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, m'mbali mwa njanji yochoka ku Harare kulowera ku Chinhoyi, kufupi ndi Banket ndi Darwendale. Dera lonselo linatchuka ndi fodya, ndipo ambiri mwa anthu amene ankawokera, kuthyola ndi kuwamba fodyayo m'mabani anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Zidzukulu zawo zikadali komweko. Pamaliro mumamva Chichewa, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, amatulukabe m'makomboni. Koma mnyamata wobadwira pomwepo mukamufunsa kwawo, kawirikawiri amangoti "ku Malawi", kapena "ku Bulantaya", nkhani n'kuthera pomwepo. Kwathu kuno yankho lotere silikwana. Munthu amadziwika ndi mudzi wake, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo zitatuzi n'zimene zinataika m'mabanja ambiri a m'mapulazi.

Agogo awo ananyamuka chifukwa cha msonkho ndi kusowa ndalama. Oyambirira ankayenda wapansi milungu ingapo, kudutsa Tete, kuoloka Zambezi n'kukalowera ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland yotsogozedwa ndi Travers Lacey inadandaula kuti midzi ikutha amuna ndipo ambiri opita ku Halale sakubwerera. Amenewo ndi aja timawatcha matchona. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayamba kunyamula anthu pa malole a Ulere, ndipo mu 1946 linakhazikitsa bungwe lolemba antchito limene anthu ankalitcha Mthandizi. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inali yotseguka kwambiri. Mbiri ya ulendowu inalembedwa bwino ndi akatswiri monga Zoë Groves ndi Anusa Daimon. Chimene sichinalembedwe ndi mbiri ya banja lililonse palokha, yoti uje anabala uje, anakwatira kwa uje, ana ake ali kwakuti.

Mngelezi wofuna kudziwa makolo ake amayambira pa pepala. Mu 1538 Thomas Cromwell analamula kuti tchalitchi chilichonse cha ku England chizilemba ubatizo, maukwati ndi maliro m'kaundula. Mu 1837 boma linayamba kulemba lokha obadwa, okwatirana ndi omwalira, ndipo kalembera wa 1841 analemba maina a anthu a m'nyumba iliyonse. Makaundula a kalembera amatsegulidwa pakatha zaka 100, choncho a 1921 anatulutsidwa mu 2022. Munthu angathe kukhala pa kompyuta ku London kapena ku Sydney n'kupeza agogo a agogo ake, ntchito yawo, msewu umene ankakhala ndi tsiku limene anamanga ukwati. Mpingo wa Latter-day Saints unayamba kusonkhanitsa zolembedwa zotere mu 1894, ndipo lero zambiri zili pa FamilySearch. Njira yonseyi imayenda ndi dzina la bambo lopitirira mibadwomibadwo. Mkazi akakwatiwa dzina la kwawo limazimirira, ndipo ofufuza a kumeneko amavutika kwambiri kutsata mbali ya amayi. Ku China nakonso mabuku a mabanja amatsata ana aamuna. Buku la mbumba ya Confucius limene linatuluka mu 2009 lili ndi maina pafupifupi 2 miliyoni a mibadwo yoposa 80, ndipo aka kanali koyamba kuti akazi alembedwemo.

Ife Achewa, monganso Ayao ndi Alomwe, timawerenga kuchokera ku bere. Mudzi umamangidwa pa amayi, ana awo aakazi ndi zidzukulu, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wawo, malume a anawo. Mwamuna amabwera ngati mkamwini. Mbiri ya banja sinkafuna buku chifukwa inkanenedwa kawirikawiri pamaso pa anthu okhoza kutsutsa. Pachinkhoswe ankhoswe amafunsana kuti aone ngati palibe chibale. Polowa ufumu amawerenga mabere, lalikulu ndi laling'ono, kuti adziwe woyenera dzina. Pamlandu wa munda amatchula amene anayamba kuswa mphanje. Kumanda adzukulu amadziwa kuti mbali iyi n'nja banja liti. Mwana akatchedwa dzina la agogo omwalira, dzinalo limabwerera pakhomo, ndipo mayi akaitanidwa kuti Nabanda, Naphiri kapena Nangondo aliyense amadziwa mtundu wake. Samuel Josiah Ntara polemba Mbiri ya Achewa anatapa m'nkhokwe yomweyi ya akuluakulu.

Ine sindivomereza zoti njira yathuyi n'njoperewera poyerekeza ndi ya makaundula. Kaundula wa tchalitchi amalemba zimene mbusa wauzidwa, pamene gogo wa m'mudzi amadziwa ndi zimene sizinanenedwe kwa mbusa: mwana wa kuchibwenzi, ukwati umene unatha, mkangano umene unagawa mudzi. Vuto lake n'lakuti imafuna anthu akhale pamodzi. Kaundula amakhala pashelefu ngakhale banja litabalalika, koma mbiri ya pakamwa imafuna maliro, maukwati ndi milandu yoti izibwerezedwa.

Apa ndiye pamene panaduka chingwe ku Trelawney ndi m'mapulazi onse a Mashonaland. Ambiri opita kumeneko anali amuna okhaokha, ndipo mwamuna wa Chichewa sanyamula mbumba. Mbumba yake inatsala ndi alongo ake ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Kasungu. Akakwatira mkazi wa Chishona, miyambo iwiri inkalozerana chala. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo, amatenga mutupo, kapena kuti fuko, wa bambo, makamaka roora, malowolo awo, ikaperekedwa, ndipo kwawo ndi kumudzi kwa bambo. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi. Tsono akuchikazi ankati mwanayu kwawo n'ku Nyasaland, pamene kumudzi kwa bamboyo akanati kwawo n'kumene kuli amalume ake ku Zvimba kapena ku Guruve. Mbali iliyonse inali yoona mwa mwambo wake, mwana n'kutsala wa pakomboni. Angoni ndi Atumbuka, amene amalowola ndi kutsata kuchimuna, sanakumane ndi msampha womwewu ndendende, koma mtunda ndi umphawi zinawadula chimodzimodzi. Mabanja ena anakwatirana okhaokha, wa ku Malawi ndi wa ku Mozambique kapena ku Zambia, ndipo pofika m'badwo wachitatu mwana anali ndi agogo anayi ochokera m'maiko atatu, onse ogona kumanda a papulazi.

Mapepala analipo, koma sanalembedwe pofuna kusunga chibale. Buku la papulazi linkasunga matikiti, masiku ogwira ntchito, phoso ndi ngongole ya kusitolo. Kalaliki ankalemba dzina limodzi, nthawi zina la chipongwe lopatsidwa ndi kapitawo kapena mzungu, monga Sikisipensi. Ena ankasintha okha dzina pothawa pangano la ntchito yowawa, ena ankayendera chitupa cha mnzawo. Ana polembetsa sukulu ankatenga dzina loyamba la bambo kukhala la banja, ena n'kungolembedwa Phiri kapena Banda, maina amene ali ndi anthu miyandamiyanda kuyambira ku Chipata mpaka ku Angonia. Poyerekeza, taonani Amwenye amene anatengedwa kukalima nzimbe ku Natal pakati pa 1860 ndi 1911. Anali oposa 150,000, ndipo anazunzika kwambiri, koma aliyense analembedwa m'kaundula wa sitima: nambala, dzina lake, dzina la bambo ake, mudzi ndi boma la ku India. Lero mdzukulu wa ku Durban akapeza nambala ya agogo ake angathe kupeza mudzi wawo. Mdzukulu wa ku Trelawney akufanana kwambiri ndi Mmereka wakuda, amene kufufuza kwake kumagunda khoma pa kalembera wa 1870, chifukwa m'mbuyo mwakemo akapolo sankalembedwa maina m'kalembera.

Pali kusiyana kwina kumene kumandipweteka mtima. Ku Ulaya kufufuza makolo ndi ntchito ya munthu wopuma pantchito, yochita mosangalala. M'makomboni ndi nkhani ya chitupa, mayeso a mwana ndi malo ogona. Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ake anali oposa 300,000, ndipo amene anagawiridwa minda anali ochepa kwambiri. Mshona wochotsedwa ntchito anali ndi kumudzi kobwerera, pamene mdzukulu wa mtchona analibe. Lamulo la unzika la 2001 linapatsa anthu miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika wa dziko lina, ngakhale dziko limene sanalipondepo, ndipo ambiri anasanduka alendo m'dziko lobadwira, mavoti awo n'kutha. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare, mu Harare, kuti alibe mitupo, ndipo aliyense anamva kuti akunena ndani. Chipongwecho chinali chabodza, chifukwa Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe ndi mafuko akale ngati ena onse. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC, koma ku ofesi amafunabe umboni, ndipo kholo lopanda kalata ya kubadwa limavutika kulembetsa mwana. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linalemba lipoti losonyeza kuti vutoli likupitirira kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

Komabe pali poyambira. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kupita ku Salisbury, Harare wa lero, kukatumikira Akhristu ochokera kwathu, ndipo ntchitoyo ndi imene inabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Mkhristu wosamuka ankayenda ndi kalata yochokera kumpingo kwake, ndipo dzina la mpingo limaloza dera. Makaundula a ubatizo ndi maukwati a CCAP, a Katolika ndi a Anglican ndi ofunika kuwafunsa, monganso akuluakulu a m'mizikiti ya Ayao ndi mabuku a magulu othandizana pamaliro, amene kawirikawiri ankasonkhanitsa anthu a boma limodzi. Chitupa chakale chotsala m'sutikesi sichiyenera kutayidwa, chifukwa chinkatchula boma ndi mfumu ya mwini wake. Kuli nyumba zosungira zakale za boma ku Harare ndi ku Zomba, ngakhale kuti moto wa 1919 unawononga zambiri za ku Zomba, ndipo zotsalazo zimanena za misonkho ndi mafumu koposa za anthu wamba. Kuyeza DNA, kumene kwatchuka ku America, kumathandiza pokhapokha abale ako nawonso atayezetsa, ndipo m'midzi ya ku Dowa kapena ku Mangochi oyezetsa n'ngochepa. Ndi ku Malawi komwe sitingadzitame ndi makaundula: lamulo lokakamiza kulembetsa ana obadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kulembetsa anthu m'dziko lonse kuti alandire ziphaso za unzika kunachitika mu 2017.

Wofufuza wa ku Trelawney akatsata njira ya Chingelezi, yolondola dzina la bambo, asochera msanga pakati pa ma Phiri osawerengeka. Funso loyenera kufunsa nkhalamba zotsala m'komboni ndi lakuti: agogo aamuna ankatchula alongo awo kuti ndani, nanga amayi awo ndi amalume awo? Amuna anabalalika, ena ku Halale, ena ku Joni pa Wenela, koma mlongo anatsala pamudzi, ndipo zidzukulu zake zikulima munda womwewo. Afunsenso za mtsinje umene agogo ankasamba, phiri limene ankaliona, sukulu ya mishoni, msika, ndi kalankhulidwe kawo, chifukwa Chichewa cha ku Nkhotakota si cha ku Nsanje. Nyimbo za gule ndi zilombo zimene komboni inasunga nazonso zimasiyana malinga ndi dera limene eni dambwe anachokera. Zonsezi zijambulidwe pa foni nkhalambazo zikadali moyo. Ofufuza a FamilySearch akhala akujambula mibadwo ya pakamwa m'maiko monga Ghana ndi Nigeria, ndipo palibe choletsa mipingo yathu ya ku Harare, Nkhoma ndi Blantyre kuchita zomwezo pakati pa anthu ake.

Mbali ina ya ntchitoyi ili kwa ife a kuno. M'midzi yambiri mukadali gogo wokumbukira kuti mlongo wake anapita ku Halale chaka cha njala ya 1949 ndipo sanabwerere. Dzina limenelo likhoza kukhala limene wina akulisaka ku Banket. Masiku ano uthenga wa pa WhatsApp kapena Facebook umafika kwa nyakwawa tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, ena akubwera okha pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi Mwanza. Timati chibale ndi fupa sichiwola, koma mlendo wotere akafika, chimene chimayamba kubwera m'mitima ya eni mudzi ndi mantha a minda, popeza malo anachepa ndipo mwa mwambo ana a mwamuna alibe gawo kuchimuna. Mantha amenewo amatseka pakamwa anthu odziwa mbiri. Amene wabwerayo akanena poyera kwa amfumu kuti akufuna maina, manda ndi kalata yotsimikiza kuti agogo ake anabadwira pamudzipo, ndipo amfumu akaitana azimayi achikulire a bere limenelo kuti alankhule, pa tsiku limodzi angathe kumva mibadwo inayi imene ku Trelawney palibe anaidziwa.