Pimani matayala m'mawa, galimoto isanatuluke pa geti

Ife a ku Woodlands tinazolowera kuti mphepo ya m'matayala imapezeka pa filling station basi. M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo ZESCO ikuzimitsa malaiti kwa maola ambiri tsiku lililonse, ena mwa ife tinagula kakompresa ka 12 volts, kaja kolumikiza poyatsira fodya m'galimoto, kuti tizipopa tokha pakhomo.

Ubwino wake waukulu si nkhani ya malaiti ai. Tayala liyenera kupimidwa likali lozizira, ndipo limazizira bwino likagona pabwalo usiku wonse. Mukacoka ku Chindo Road kupita m'tauni kudzera mu Independence Avenue, dzuwa la October likuswa mtengo, mphepo ya mkati imatentha nikufufuma, geji nikuonetsa nambala yokwera. Munthu amati zonse zili bwino, mwina nikucotsako mphepo ina. M'mawa mwake tayala lija lili losakhuta.

Nanga nambala yoyenera tiipeza kuti? Osatsata ija yolembedwa pambali pa tayala, cifukwa imeneyo ndi malire osayenera kupitirira. Tsegulani citseko ca dalaivala, muone kapepala komata pamphuthu. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Magalimoto ocokera ku Japan, monga ma Corolla ndi ma Vitz amene adzaza m'misewu mwathu, amalemba kPa, pomwe mageji ena amawerenga PSI kapena bar. Kapepala kakati 230 kPa, ndiye kuti 2.3 bar, kapena pafupifupi 33 PSI. Kasipeya kang'ono kaja, komwe timakakumbukira tsiku la tsoka lokha, kamafuna 420 kPa.

Tayala losakhuta limadya mafuta ndipo limatha msanga m'mbali. Coipitsitsa n'cakuti limapindikapindika poyenda nikutentha kwambiri. Pa Great East Road, potsika mapiri a Manenekela ulendo wa ku Chipata, ana ali kumbuyo ndi matumba a ufa m'buti, tayala lotere likhoza kuphulika.

Ngakhale tayala lopanda msomali limataya pafupifupi 1 PSI pamwezi, conco pimani kamodzi pamwezi, ndiponso musanayambe ulendo wautali. Popopa, injini izilira kuti batire isafe, ndipo kakompresa kakatentha kapumitseni pang'ono musanapite pa tayala lina.