Matemba Alowa M'kalasi

Ife a ku Mecanhelas timakhala pakati pa nyanja. M'malire athu ndi Malawi muli nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Chiuta. Kumpoto kwa Chiuta kuli Amaramba. Ngakhale siteshoni ya sitima ya m'malire dzina lake ndi Entre Lagos, ndiye kuti "pakati pa nyanja" m'Chipwitikizi. Mwana wa kuno amadziwa nsomba asanadziwe sukulu. Pofika zaka 6 amasiyanitsa matemba, makumba ndi mlamba. Amadziwa mono, amadziwa ukonde, amadziwa ndi thandala loyanikapo nsomba.

Koma mwana yemweyo akalowa m'kalasi yoyamba amangoti chete. Pa bolodi alembapo dzina la chinthu chimene sanachionepo, m'chilankhulo chimene sachimva kwawo. Ola lino ndi la kuwerenga, ola linalo ndi la masamu, ndipo ziwirizi sizikumana. Mwana amaloweza ngati nyimbo. Chaka chimatha asanathe kulemba dzina lake. Nsomba zikayamba kugwidwa, atate ake amati: "Kuli bwino azindithandiza kunyanja." Ana ambiri amasiyira sukulu pamenepo.

Pali njira ina yophunzitsira ana aang'ono. Aphunzitsi amasankha mutu umodzi wochokera m'moyo wa ana. Mutuwo amayenda nawo mlungu wonse: amawerengera pomwepo, amalembera pomwepo, masamu ndi sayansi zimatulukanso pomwepo. Tiyeni titenge nsomba, tione m'mene zimachitikira.

Lolemba m'mawa aphunzitsi abwera ndi mbale ya matemba ouma. Afunsa: "Ana inu, izi n'chiyani?" Manja onse ali m'mwamba. Lero palibe mwana wosadziwa yankho. Aphunzitsi awasiya afotokoze: ndani amagwira, amagwira ndi chiyani, amayi amaphika bwanji. Kenaka alemba pa bolodi mawu amodzi okha, ndi malembo akulu: matemba.

Ana atchula mawuwo akuwomba m'manja: ma-te-mba. Awomba katatu. Awa ndi maphatikizo atatu, ndipo phatikizo lililonse lili ndi abale ake. Abale a ma ndi me, mi, mo, mu. Abale a te ndi ta, ti, to, tu. Abale a mba ndi mbe, mbi, mbo, mbu. Aphunzitsi alemba maphatikizowa pa tizidutswa ta katoni, nagawira ana. Wa mu aima pafupi ndi wa tu, kalasi iwerenga: mutu. Wa mo ndi wa to: moto. Wa mi ndi wa mba: mimba. Ana atatu akaima pamodzi pamatuluka matumbo, pamatulukanso mbatata. Inunso yesani. Mupeza mawu angati? Ambiri a ife tinayamba kuwerenga mwa njira yomweyi, ngakhale tinayamba tili ndi imvi.

M'makalasi athu muli ana olankhula Chinyanja, Chimakuwa ndi Chiyao. Ili si vuto pa mutu wa nsomba. Wina ati nsomba, wina ehopa, wina somba. Aphunzitsi awonjezera mawu a Chipwitikizi: peixe. Mwana wagwira mawu atsopanowo msanga, chifukwa chinthucho chili m'manja mwake.

Kulemba sikudikira kope. Ana atuluka panja, asalaza mchenga, alemba m ndi chala kapena kamtengo. Akalakwa afafaniza ndi dzanja. Amene ali ndi pensulo ajambula nsomba, nalemba dzina lake pansi.

Tsopano masamu. Pamsika wa ku Insaca matemba amagulitsidwa pa milu, ndipo ana anaona. Aphunzitsi apatsa gulu lililonse matemba 34. (Aphunzitsi odziwa amagawa timiyala kapena nandolo wouma, pakuti matemba enieni amachepa masamu asanathe.) Ana aika khumi pa mulu uliwonse. Patuluka milu itatu, patsala anayi. Pamenepo aphunzitsi alemba 34 ndi kunena kuti 3 akuimira milu, 4 akuimira otsala. Ichi ndicho chinthu chachikulu m'masamu a ana. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake 34 amasiyana ndi 43 savutika kuphatikiza ndi kuchotsera. Kenaka ana achita sewero la msika. Tiyerekeze kuti mulu umodzi ndi meticais 20. Wogula wapereka 50 ndipo watenga milu iwiri. Wogulitsa abweze zingati?

Nanga sayansi? Mawuwa asatiopse. Sayansi ndiyo kuyang'anitsitsa chinthu, kufunsa chifukwa chake, ndi kuyesa. Aphunzitsi aika khumba ndi mlamba pa tsamba la nthochi. Ana akhudza. Khumba ali ndi mamba, mlamba alibe. Mlamba ali ndi ndevu. Atsegula m'mbali mwa mutu, aona timasamba tofiira timene nsomba imapumira m'madzi. Mlamba ali ndi chiwalo chinanso chopumira mpweya wa kunja. N'chifukwa chake amakhala moyo m'matope pamene nsomba zina zafa.

Pali funso lina limene ana amalikonda. Bwanji madzi a Chilwa amamveka mchere, koma a Chiuta ndi ozizira bwino kukamwa? Aphunzitsi asayankhe msanga. Atenge mbale, athiremo madzi pang'ono, asungunulemo mchere. Ana aone kuti mcherewo wasowa. Mbaleyo ikhale padzuwa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri madzi atha, koma m'mbale mwatsala zoyera. Ana alawa: mchere uja! Dzuwa latenga madzi, mchere lausiya.

Nyanja ya Chilwa ili ngati mbale imeneyi. Mitsinje imathiramo madzi okhala ndi mchere pang'ono wochokera m'nthaka, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa, mchere umatsala. Chiuta ali ndi potulukira. Madzi akachuluka amapita ku Amaramba, kuchoka apo alowa mu mtsinje wa Lugenda, kenaka mu Rovuma, mpaka ku nyanja yaikulu ya Indian. Ndipo monga mbale, Chilwa amatha kuuma mvula ikavuta zaka zotsatizana. Anauma mu 1968, anaumanso mu 1995.

Apa ndi pamene ife makolo tikufunika. Aphunzitsi ambiri ndi achinyamata, ena ndi ochokera kutali. Za 1995 sanazione. Koma m'mudzi muli agogo amene anayenda pansi pamene kale pankayenda bwato. Agogowo abwere m'kalasi, afotokoze kumene nsomba zinathawira ndi m'mene zinabwerera madzi atadzaza. Ana afunse, kenaka alembe chiganizo chimodzi cha zimene amva. Boma linatsegula kale khomo limeneli. Mu 2004, pokonza maphunziro a pulaimale, linapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya sukulu kuti likhale la zinthu za kumene ana akukhala. Kuphunzitsa m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi kunayesedwa ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena a m'dziko muno.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Kalasi ingathe kuimba za nsomba ndi kujambula nsomba mlungu wonse, ana n'kusangalala, koma osadziwa lembo ngakhale limodzi. Mutu ndi wonyamulira chabe. Malembo ndi manambala ayenera kubwerezedwa tsiku ndi tsiku. Choncho Lachisanu madzulo mufunseni mwana: "Iwe, tandilembera pansi apa zimene waphunzira." Akalemba ma, te, mba, nchito yayenda. Akangoimba, pitani mukacheze ndi aphunzitsi.

Mutu umasintha ndi nyengo. Mvula ikayamba, ana adzala chimanga m'chitini ndi kuyeza mmera ndi kamtengo masiku onse. Nthawi yokolola, mutu ndi mpunga. Ana okhala kufupi ndi njanje ali ndi sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala. Aime patali ndi njanje, awerenge mabogi ake mpaka lomaliza, mawa lake akalembe nambalayo pa bolodi.