Khansa ya prostate: katundu amene mkazi amasenza

Bambo akapezeka ndi khansa ya prostate, maso a achibale ndi a madokotala amakhala pa iye. Mkazi wake timangomutchula kuti gadiyani. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza mayi ameneyu, makamaka wa m'midzi ya ku Rumphi.

Kodi mkazi angatengere matendawa kwa mwamuna wake?

Ayi. Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha, kali m'munsi mwa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Khansa yake imakonda abambo opitirira zaka 50. Sipatsirana pogonana, pochapa zovala kapena podyera mbale imodzi. Mayi amene anasamuka kuchipinda chifukwa cha mantha abwerere.

Bambo akupezako bwino, nanga n'chifukwa chiyani m'nyumba simuli mtendere?

Chithandizo chomwe chimatalikitsa moyo wa bambo n'chomwenso chimasokoneza kuchipinda. Mu 1941, dokotala wa ku Chicago, Charles Huggins, anaonetsa kuti khansayi imakula ndi testosterone, mchere wa m'thupi umene umapangidwa m'machende, ndipo mu 1966 analandira nayo mphotho ya Nobel. Kuyambira pamenepo, njira yaikulu yofooketsera khansa yomwe yafalikira ndi kuumitsa gwero la testosterone, kaya ndi jakisoni monga goserelin, kaya ndi opaleshoni yochotsa machende. Abambo athu ambiri amafika kuchipatala mochedwa, msana ukuwawa kale chifukwa matenda alowa m'mafupa, choncho njira imeneyi ndiyo imawagwera.

Testosterone ikachepa, chilakolako chimazilala ndipo mphamvu za kuchipinda zimatha. Bambo amamva kutentha kodzidzimutsa, thukuta kamukamu ngakhale m'mwezi wa June, mphepo ya ku Nyika ikuwomba. Amatopa msanga, amapsa mtima pa zazing'ono. Wina amene anachotsedwa prostate yonse amadontha mkodzo, wina amayenda ndi kapaipi. Wochapa zofunda m'bandakucha, anansi asanadzuke, ndi mkazi.

Kodi kukayikirana kumachokera pati?

Pa kusauzidwa. Nthawi zambiri bambo amalowa yekha kwa dokotala, mayi ali pabenchi panja atagwira chikwama. Potuluka amangoti, "Andipatsa mankhwala." Pakapita miyezi osamukhudza, mayi amayamba kuganiza kuti kuli wina kwinaku, kapena kuti iye wakalamba. Bambo naye, poopa kuti anzake adziwa kuti wagwa mumpapaya, amakhala duu, kenaka n'kumachita nsanje mkazi akangochedwa kuchigayo. Achibale akalowererapo nkhani imasanduka ya ufiti, ndipo woyamba kulozedwa chala ndi mlamu wawo yemweyo. Kwa ine, kulemba mankhwala otere osafotokozera banja zotsatira zake ndi kugwira ntchito mwatheka. Kafukufuku wa m'mayiko ena wakhala akusonyeza kuti nkhawa ya mkazi imafanana ndi ya wodwalayo, penanso kuiposa.

Gondolosi sangathandize?

Sangabwezeretse zomwe chithandizo chachotsa mwadala. Mankhwala alionse owonjezera mphamvu, a chikuda kapena a m'famase, afunsidwe kaye kwa dokotala, makamaka ngati bambo ali ndi vuto la mtima. Banja likhozabe kukhala lokoma: kugona pamodzi, kukhudzana ndi kucheza sizinaletsedwe.

Nanga za ndalama ndi maulendo?

Apa ndiye pali phiri. Wodwala wa ku Hewe kapena ku Bolero amayamba wafika pa chipatala cha boma pa Rumphi, wa ku Livingstonia amadzera ku David Gordon Memorial Hospital. Kuchoka apo amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, ndipo ena amapitirira mpaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 400 kuchokera ku Rumphi. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe makina a radiotherapy, moti owafuna ankapita ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, thiransipoti ya anthu awiri. Ndipo fodya sadikira odwala: mayi akakhala milungu ku chipatala nthawi yothyola ndi kusoka, chigafa chimakhala chopanda kanthu, ndalama ya ku okushoni n'kuchepa pa nthawi imene ikufunika kwambiri.

Kodi tsogolo la mkaziyo n'lotetezedwa?

Ku Rumphi mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna, kotero nkhawa yake ina, imene sainena mokweza, ndi yakuti munda ndi nyumba zidzakhala za yani. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kulemba wilo si kudziitanira imfa. Abambo ambiri amakhala ndi khansayi zaka zochuluka, ndipo zakazo zimakoma nkhani ya chuma ikakhala yokonzedwa kale.

Banja liyambire pati?

Pa ulendo wotsatira, alowe awiri m'chipinda cha dokotala. Mayi afunse mosachita manyazi kuti mankhwalawa asintha chiyani, ndi chiti chidzabwerere, ndi chiti sichidzabwerera. Ngati ululu wakula, afunse za chithandizo chochepetsa ululu, kuphatikizapo morphine wakumwa. Ana aamuna ndi abale ake a bambo asinthane naye pa ugadiyani, ndipo iwonso akayezetse magazi (PSA) pofufuza matendawa, chifukwa khansayi imayenda m'magazi a banja. Inu a mvano ndi a chigwirizano, mukapita kukazonda bambo, funsaninso mayiyo kuti wadya chiyani ndipo wagona bwanji.